Nyumba Yomangira Maso a Anthu

KHUTBA YOYAMBA

Timtamanda Allah amene anatipatsa denga pamutu pathu ndi nthaka pansi pa mapazi athu. Kupatsa Kwake ndi mayeso, kumana Kwake ndi mayesonso. Tikuikira umboni kuti palibe woyenera kupembedzedwa mwachoonadi koma Iye yekha, ndi kuti Muhammad ndi kapolo Wake ndi Mtumiki Wake. Madalitso ndi mtendere wa Allah zikhale pa iye, pa akubanja lake ndi pa maswahaba ake onse.

Inu akapolo a Allah, tikudzilangiza ife eni poyamba, kenako inu, kuti timuope Allah pa zimene timamanga ndi pa zimene timasunga.

Lamya ya m'manja yafika ngakhale m'midzi momwe magetsi sanafike. Achinyamata athu akaitchajitsa pa sola pamsika, amaona pa Facebook ndi pa TikTok nyumba za anthu olemera a m'mayiko akutali. Pakati pa nyumbazo pali mtundu wina umene cholinga chake chachikulu si kugonamo, koma kuti magalimoto a mwini wake ndi zithunzi zake zamtengo wapatali zioneke. Tiyenera kudziwa mmene nyumba yotere imamangidwira, pakuti sibwino kuweruza chinthu chimene sitinachimvetse.

Katswiri wojambula pulani yake sayamba ndi funso lakuti m'banjamo muli ana angati. Amayamba ndi lakuti muli magalimoto angati ndi zithunzi zingati. Khoma la pakati pa galaja ndi pabalaza amalichotsa n'kuikapo galasi kuyambira pansi mpaka kudenga, kuti mlendo akangokhala pampando maso ake agwere pa galimoto. Ena amaimika galimotoyo pa chitsulo chozungulira pang'onopang'ono kuti ionekere mbali zonse. Kufupi ndi mzinda wa Miami ku America kuli nyumba ya nsanjika 60, Porsche Design Tower, imene inatsegulidwa mu 2017. M'menemo muli zikepe zonyamula galimoto, mwini wake ali momwemo, mpaka kumwamba pakhomo pake. Ku Mumbai, m'dziko la India, nyumba ya banja limodzi yotchedwa Antilia ili ndi nsanjika 27, ndipo 6 mwa izo ndi zoimikamo magalimoto.

Zithunzi nazo zili ndi zofuna zake. Utoto wakale umafwifwa ndi dzuwa, choncho mawindo amakhala a galasi losefa kuwala. Nsalu ndi thabwa zimatupa kukakhala chinyontho n'kung'aluka kukauma, choncho makina amaziziritsa mpweya usana ndi usiku, jenereta ili chire kuseri kuopa kuti magetsi angazime. Galimoto ikaima miyezi, batire limatha mphamvu, matayala amaphwatalala pamene agunda pansi. Motero pamalembedwa munthu ntchito yosamalira galimoto imene sipita kulikonse. Pamwamba pa zonsezi pali mpanda, makamera ndi alonda. Taonani mmene chimodzi chikukokera chinzake. Chinthu chosungidwira kuonedwa chimayenera kutetezedwa kuti chisagwire ntchito: mwana asachikhudze, fumbi la mlendo lisachifike, wodwala asachikwere.

Abale ndi alongo m'Chisilamu, pasakhale wina wotuluka muno ndi kukanena kuti chipembedzo chathu chimadana ndi nyumba yabwino kapena galimoto. Mu Hadith imene anailandira Ibn Hibban, Mtumiki wa Allah anawerengera nyumba yotakasuka ndi chokwera chabwino pakati pa zinthu zodzetsa chisangalalo cha munthu, pamodzi ndi mkazi wolungama ndi mnansi wabwino. Surat An-Nahl ikutchula akavalo, nyumbu ndi abulu kuti analengedwa kuti azikweredwa, ndiponso kuti akhale chokongoletsa. Uthman bin Affan ndi Abdurrahman bin Auf anali amalonda olemera kwambiri, ndipo onse awiri anauzidwa nkhani yabwino ya Jannah akadali moyo. Funso la Chisilamu silili pa mtengo wa chokwera. Lili pa chifukwa chimene wachimangirira pakhomo pako.

Pa nthawi ya Mtumiki, kavalo ndiye anali galimoto ya munthu wachuma. Bukhari ndi Muslim analandira kuchokera kwa Abu Huraira kuti Mtumiki anagawa osunga akavalo m'magulu atatu. Kwa wina kavalo ndi malipiro, chifukwa wamusungira njira ya Allah. Kwa wina ndi chophimba, chifukwa wamusunga kuti asamapemphe kwa anthu, ndipo saiwala gawo la Allah pa khosi ndi pa msana wa kavaloyo. Kwa wachitatu ndi mtolo wa tchimo, chifukwa wamusungira kunyada, kudzionetsera ndi kulimbana ndi Asilamu. Kavalo ndi mmodzimodziyo, udzu ndi womwewo, khola ndi lomwelo. Maulama pofotokoza gawo la Allah pa msana wa kavalo anatchula kumbwereka kwa wosowa ndi kunyamula amene watopa panjira. Tsono nyumba ya galasi ija inajambulidwa dala kuti msanawo usanyamule munthu.

Ngakhale mneneri anayesedwa ndi zimenezi. Surat Swad ikusimba kuti tsiku lina madzulo anaonetsa pamaso pa Sulaiman, mtendere ukhale pa iye, akavalo ake aliwiro, ndipo iye anazindikira mmene chikondi cha zabwino za dziko chimaimira pafupi ndi kukumbukira Mbuye wake. Omasulira Qur'an amasiyana pa zimene anachita pambuyo pake. Ambiri amati anawapha monga nsembe chifukwa anamchedwetsa kupemphera. At-Tabari anasankha tanthauzo lakuti anawasisita miyendo ndi makosi. Sitikhala pano kuti tidule mlandu wa maulama akuluakulu. Chimene onse akuvomerezana n'chakuti Sulaiman anali wobwerera kwa Allah mwamsanga, ndipo sanalole kuti maso ake atsalire m'khola.

Tsopano imvani za munthu wa m'nthawi yathu ino. Tikumtchula dzina chifukwa mlandu wake unaweruzidwa poyera m'mabwalo a milandu. Kumeneku si kudya nyama ya m'bale ayi. Teodoro Nguema Obiang Mangue, amene ambiri amamtcha Teodorin, ndi mwana wa mtsogoleri wa dziko la Equatorial Guinea, dziko laling'ono lamafuta limene linalowa m'bungwe la mayiko olankhula Chipwitikizi mu 2014. Munthuyu anali ndi nyumba ya zipinda zoposa 100 mu msewu wa Avenue Foch mu mzinda wa Paris, yodzaza ndi zithunzi, zosemasema ndi mipando yakale. Mu 2011 apolisi a ku France anatulutsamo magalimoto ake, ena a mtundu wa Bugatti ndi Ferrari, ndipo chaka chotsatira anabwera ndi malole kudzatuta katundu wa m'nyumbamo. Mu 2017 bwalo la ku Paris linampeza wolakwa pa kugwiritsa ntchito chuma chotengedwa m'dziko lake. Mu Seputembala 2019 magalimoto ake ena 25, amene analandidwa ku Switzerland, anagulitsidwa pa okushoni pa ndalama za ku America pafupifupi 27 miliyoni. Imodzi yokha, ya mtundu wa Lamborghini, inapita pa ndalama zoposa 8 miliyoni, ndipo m'zaka zisanu inali isanayende ngakhale makilomita 400. Ulendo wochoka pa malire a Cassacatiza kupita ku Tete ndi kubwerera ndi wautali kuposa pamenepo. Galimoto yothamanga kuposa mphepo inakalamba itaima, pamene anthu ambiri a kwawo kwa mwini wake ankasowa madzi abwino akumwa.

Apa pali mfundo ya fiqh imene tiyenera kuimapo, chifukwa ambiri amaidumpha. Maulama a madhhab onse anayi amagwirizana kuti nyumba imene munthu akukhalamo, chokwera chake ndi katundu wa m'nyumba mwake sizikhala ndi Zakaat. Ndalama zikafika pa nisab, yomwe ndi mtengo wa magalamu 85 a golide, n'kutha chaka, pa metikali 1000 iliyonse pamachoka 25. Mlimi wa kuno amene chimanga chake chakula ndi mvula, akakolola makilogalamu oposa pang'ono 650, ndiko kuti kupitirira pang'ono matumba 13 a makilogalamu 50, amapereka gawo limodzi mwa magawo khumi. Tsono onani: mlimi wa ku Nsadzu wa matumba 14 watulutsa Zakaat, pamene munthu amene wasandutsa ndalama zake magalimoto khumi oima ndi zithunzi zapakhoma akhoza kunena kuti alibe chopereka. Kodi chilamulo chakondera? Ayi. Chilamulo chinachotsa Zakaat pa chokwera chifukwa chokwera ndi chida cha ntchito, monga khasu ndi ngolo. Ngati munthu anagula zinthuzo kuti adzazigulitse mtengo ukakwera, monga amachitira ambiri mwa osonkhanitsa zoterezi, ndiye kuti ndi katundu wa malonda, ndipo amawerengedwa mtengo n'kuperekedwa Zakaat. Ngati anazigula dala chaka chili pafupi kutha kuti athawe Zakaat, a Maliki ndi a Hanbali amati Zakaat imamtsatirabe; a Shafi'i amati pamaso pa woweruza yachoka, koma mchitidwewo ndi wonyansidwa. Kumbukirani eni munda a mu Surat Al-Qalam, amene anapangana zokakolola m'mbandakucha kuti osauka asawapeze. Anaupeza mundawo utapsa.

Mwina wina pakati panu akuti m'mtima mwake: a Shehe, ife kuno ku Chifunde Lamborghini tinaiona kuti? Zoona, sitinaione. Koma matenda amene tikunena safuna mamiliyoni kuti agwire munthu. Fodya akagulitsidwa, golide akatuluka m'migodi ya m'mbali mwa mitsinje, kapena malonda a pamalire akayenda bwino, taonani zimene zimamera m'mbali mwa msewu. Khoma loyang'ana kumsewu lapakidwa utoto, khonde laikidwa matailosi, koma kuseri njerwa zili pamtunda ndipo chimbudzi chilibe chitseko. Pabalaza ndi pokiya. Mipando idakali m'mapulasitiki ake, m'kabati ya magalasi muli mbale zimene palibe anadyerapo, njinga yamoto yatsopano yaimikidwa pakati penipeni kuti wodutsa aione pawindo, ana akugona kukhitchini pa mphasa yong'ambika. Akuluakulu anati chikomekome cha nkuyu m'kati muli nyerere. Galasi lomwe lija la ku Miami talimanga ndi manja athu, longochepa msinkhu.

Ndipo pali chopweteka kuposa pamenepa. Mnyamata amene analima fodyayo kuyambira pa nazale mpaka m'chigafa, wina wochokera kutali ku Malawi, akuuzidwa kuti adikire malipiro ake chifukwa ndalama zapita ku simenti ya mpanda. Mtumiki analamula kuti wantchito alipidwe mwachangu, thukuta likadali pathupi. Mpanda womangidwa ndi malipiro a mwana wa munthu udzaima pa Tsiku la Chiweruzo monga mboni yotsutsa mwini wake. Taganiziraninso za usiku wa mvula m'mwezi wa Febuluwale, mayi wapakati matenda atamyamba, achibale akugogoda pa geti pamene pali galimoto, n'kuyankhidwa kuti msewu ndi wamatope, galimoto ingaonongeke. Amene wayankha choncho adziike yekha m'gulu lake mwa magulu atatu aja a osunga akavalo.

Ife anthu a dera lino sitiyenera kuphunzitsidwa kawiri za kutha kwa makoma. Achikulire amene mwakhala kutsogoloku mukukumbukira zaka za nkhondo, pamene midzi yathunthu inathawira ku Zambia, ena mpaka ku Ukwimi, ena ku Malawi. Amene anatilandira sanatilandire m'nyumba za matailosi. Anatipatsa khonde la nyumba yaudzu, lichero la ufa ndi malo pamoto. Titabwerera, mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, tinapeza masitolo ndi nyumba za njerwa zopanda madenga, mitengo itamera pabalaza. Chimene chinatipulumutsa m'zaka zimenezo ndi zitseko zimene zinatseguka.

Tanena zimene mwamva. Tikupempha chikhululuko kwa Allah pa ife ndi pa inu; mpempheni chikhululuko, pakuti Iye amakhululuka.

KHUTBA YACHIWIRI

Timtamanda Allah monga kuyenera ulemerero Wake, ndipo tikumpempherera madalitso ndi mtendere Mtumiki Wake.

Inu akapolo a Allah, nkhani iyi inalalikidwapo kale pa mimbari, pamaso pa mfumu yeniyeni. Abdurrahman wachitatu, amene ankalamulira dziko la Andalus ali mu mzinda wa Córdoba, kumwera kwa Spain wa lero, anadzitcha khalifa mu 929. Cha m'ma 936 anayamba kumanga mzinda wa nyumba zachifumu kunja kwa Córdoba, wotchedwa Madinatuz-Zahra, ndi nsanamira za miyala yosalala zochokera kutsidya la nyanja, kuti akazembe a mafumu ena akafika agome. Olemba mbiri amati ntchitoyo inamtenga mtima mpaka anajomba Swala ya Jumu'ah masabata atatu otsatizana. Atabwera sabata yachinayi, Qadhi Mundhir bin Sa'id anakwera pa mimbari n'kuyamba ndi ndime za Surat Ash-Shu'araa zimene Mneneri Hud anadzudzula nazo anthu a Aad chifukwa chomanga zikumbutso zachabe pa zitunda zonse ngati sadzafa. Aliyense mu mzikitimo anadziwa amene akunenedwa. Khalifa anakwiya, koma mwana wake Al-Hakam atamuuza kuti amchotse Qadhiyo paudindo, anakana. Pa nthawi ina Mundhir yemweyo anamdzudzula chifukwa cha denga limene analifolera ndi matailosi a golide ndi siliva, ndipo khalifa analamula kuti aguluidwe, paikidwe a dongo.

Tikuitamanda mfumu imeneyi pa chinthu chimodzi: inali ndi khutu. Koma mzinda wake sunathe ngakhale zaka 80. Kuyambira mu 1010, pa nkhondo ya pachiweniweni, unafunkhidwa ndi kutenthedwa, miyala yake anthu n'kukamangira kwina, mpaka pamene ofukula zakale anayamba kuukumba mu 1911.

Kalekale izi zisanachitike, Umar bin Al-Khattab anamva kuti Sa'd bin Abi Waqqas, bwanamkubwa wake ku Kufa m'dziko la Iraq, waika chipata pa nyumba yake kuti phokoso la pamsika lisamfike. Umar anatuma Muhammad bin Maslama kuti akatenthe chipatacho. Sa'd anali swahaba wamkulu, ndipo nyumbayo sanaigwetse. Chimene Umar anakana ndi chitseko choima pakati pa munthu waudindo ndi anthu amene akumfuna.

Ena mwa inu mwakhala mukufunsa za zithunzi ndi zokongoletsa za m'nyumba. Ziboliboli za anthu kapena nyama zoimikidwa molemekezedwa n'zoletsedwa, ndipo mayi wathu Aisha, Allah asangalale naye, atapachika nsalu ya zithunzi, Mtumiki sanakondwere nayo, iye n'kuidula kupanga mitsamiro. Zithunzi za mitengo, mapiri ndi mitsinje, zilembo zokongola za Chiarabu, mphasa yolukidwa mwaluso, mtsuko woumbidwa ndi manja a amayi athu, zonsezi palibe choletsa. Pa zithunzi za kamera maulama a masiku ano amasiyana, ndipo ambiri amazilola zikakhala zopanda zonyansa. Kudyera ndi kumwera m'ziwiya za golide ndi siliva n'koletsedwa kwa amuna ndi akazi omwe. Tichenjezenso za ndime za Qur'an zimene timagula m'mafelemu onyezimira: kuzipachika pamwamba pa kanema kuti mlendo aone kuti ndife opembedza, pamene Buku lenilenilo lachita fumbi pa alumali, ndi kudzionetsera kumene kwavala mkanjo.

Amene Allah wampatsa, amange nyumba yolimba ndi yotakasuka. Ayambe ndi madzi, chimbudzi chobisika, chipinda cha ana aamuna padera ndi cha ana aakazi padera, ndi malo oyera a Swala. Mu Hadith ya Muslim, Mtumiki anawerengera pogona pa mwamuna, pa mkazi wake ndi pa mlendo, ndipo pachinayi, pongoonjezera mopanda ntchito, anapapereka kwa Satana. Mlendo ali m'chiwerengerocho. Malo ake m'pulani ya Msilamu alipo kale. Denga lako lisathire madzi pabwalo la mnansi, windo lako lisasuzumire kumene akazi a mnzako amasambira. Ndipo amene ali ndi chokongola chochuluka kuposa chimene nyumba yake ikufuna, chipembedzo chinamtsegulira khomo la waqf: chitsime, chipinda cha madrasa, mabuku, ngolo ya mudzi. Uthman anagula chitsime cha Ruma ku Madina n'kuchisiya kuti aliyense atunge. Makolo athu amati kupatsa n'kuika.

Mvula ili pafupi, ndipo misewu ya kumidzi idzavuta monga mwa masiku onse. Tikupempha abale amene muli ndi galimoto, njinga yamoto kapena ngolo kuti Swala ikatha mutsale pang'ono, mulembetse mayina anu kwa akomiti a mzikiti, kuti pakagwa matenda usiku tidziwe khomo loti tigogode. Za mafuta tidzasonkherana. Amene muli ndi ngongole ya malipiro a antchito anu a m'munda, musadikire Lachisanu lina.

E Allah, tikhululukireni ife, makolo athu ndi Asilamu onse, amoyo ndi amene anatsogola. E Allah, dalitsani nyumba zathu, zaudzu ndi zamalata, ndipo muzidzaze ndi kukumbukira Inu. Yeretsani mitima yathu ku kudzionetsera, ndi chuma chathu ku thukuta la anthu ena. Chizani odwala athu, pepukitsani amayi amene ali pafupi kuchira, sungani a paulendo m'misewu yathu. Tipatseni mvula yamadalitso, yosagwetsa nyumba ndi yosakokolola mbewu. Khazikitsani mtendere m'dziko lathu la Mozambique, kuyambira ku Cabo Delgado mpaka ku Maputo, ndipo ongolani atsogoleri athu pa chilungamo. Ameen.

Imirirani, tiongole mizere ya Swala.